Chinkhupule cha Agiriki

Lolemba, 6 Okutobala

Chafika. Yani, Mgiriki wa mwana wanga Tamanda, uja amakazinga tchipisi pashopu ya makolo ake ku Dudley, wabwera ndi bokosi lomanga ndi riboni. Ati mphatso yanga yochokera kwa amayi ake, popeza Loweruka akubwera kudzationa koyamba.

Ndikutsegula: chinthu chofiirira, zibowo zokhazokha, kukula ngati kabichi. Fungo lake lachilendo. Ati ndi chinkhupule. Ati agogo ake ankachita kumira pansi pa nyanja kukazula, kukatauni kakwawo ka m'mbali mwa nyanja ku Girisi. Ati si chomera, ndi nyama.

Nyama! Ine ndakula ndi chinkhupule. Chimayanga pampanda wa bafa, umathyola, kusenda, kugwedeza njere, basi. Anamirapo ndani chifukwa cha chinkhupule? Mwanayu akundiyesa wobwera dzulo.

Ndathokoza ndi mano okha. Tamanda akungondiyang'anitsitsa. "Mum, do you like it?" Ndati ndatopa ndi shifiti.

Pulani: pofika Loweruka ndikhale nditadziwa kuti chinthuchi n'chiyani, ndipo anthuwa akufunanji pa mwana wanga. Ndili naye mmodzi yemweyu. Sindinavutike kumubweretsa ku West Bromwich kuti adzandilande ndi mankhwala.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Chagona kushedi, kanyumba kosungiramo katundu kuseri. M'nyumba mwanga ayi.

Zomwe ndaona:
Tamanda wasanza m'mawa uno. Tsiku limodzi lokha chifikireni chinthucho!
Usipa wanga wochokera kumudzi wati ukununkha. Usipa womwe wamulera!
Akudya azitona a Yani chiimire pafiliji, botolo lonse. Tizipatso towawa ngati kwinini.
Abambo ake a Tamanda ati ndizisiye, mnyamatayo ndi waulemu.

Koma iwowa umboni wawo sindiuwerengera, anadya kale. Yani amawabweretsera mpunga wokulunga m'masamba a mphesa. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, kumadya masamba a mtengo n'kumanyambita zala. Kondaine sasankha, amagwira ndi apongozi omwe.

Ine zaka zoposa makumi awiri ndili pa unamwino, zisanu ndi zitatu ndikuchiritsa amayi kumateniti kumudzi. Palibe chondidutsa.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndili mutiramu, kasitima ka m'tauni, ndatumiza chithunzi kwa Mayi Mulenga, mnzanga wa ku Zambia wa kutchalitchi. Ayimba pompo.

"Iyo si siponji, amai. Siponji imankhala na mbali ya girini."

Ndi zomwe ndimanena! Maganizo awo ndi awiri: mwina ndi bowa wouma, mwina ndi chithumwa. Ati chikakhala chithumwa, mkati muli kanthu.

Pa buleki ndatsegula Baibulo. Chinkhupule chikutchulidwa malo amodzi, pamtanda, chonyika m'vinyo wosasa. Ndiye abusa anatiuza kuti Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'chiyankhulo chanji? Chigiriki. Ine sindikunena kanthu, ndangolumikiza.

Ndiyeneranso kuphika chakudya chawo Loweruka, asadzati Amalawi sadziwa kulandira alendo. Ati musaka: mabilinganya, nyama yogaya, ndi phala la mkaka pamwamba. Phala pamwamba pa ndiwo. Ambuye, anthu munawalenga mitundumitundu.

Lachinayi, 9 Okutobala

Yani wabwera kudzatenga Tamanda. Ndamukhazika pampando, ndamufunsa za agogo akewo. Ati ankavala chipewa chachitsulo ndi nsapato zamtovu, mpweya n'kumawapopera m'paipi kuchokera m'boti. Ati tsiku lina anawakoka msanga, miyendo inafa, moyo wawo wonse anayendera ndodo. Akufotokoza maso ali jegejege.

Za mpweya wolowa m'magazi tinaphunzira kusukulu, inde. Koma kwathu munthu akatenga chinthu pansi pa madzi n'kulumala, timadziwa kuti eni ake sanalole.

Atangochoka, ine kushedi ndi mpeni wa buledi. Zidutswa zinayi. Mkati:
mchenga
kachigoba ka nkhono
kaulusi kakuda, ngati tsitsi

Tsitsi! Ndakulunga zonse m'katishu. Chidutswa chimodzi ndasunga padera m'jumbo, abusa akachione, ndawauza kale pafoni.

Tamanda wabwerako, wagona pasofa dzuwa likadalipo, nsapato osavula. Siketi yake yamuthina. Mafuta a Agiriki amenewo.

Lachisanu, 10 Okutobala

Mayi Mulenga ati ndichiwiritse ndi mchere: akakhala bowa apsa, chikakhala chithumwa chifa. Nzeru zimenezo.

Ndaika zidutswa zitatu m'poto. Zitangokhudza madzi zafewa ngati tsaya la khanda. Ndatsala pang'ono kuchita chisoni. Chinyengo chake n'chimenecho! Ndayatsa moto.

Ola lathunthu. Zanyala, zakwinyika, zauma gwa ngati zikang'a za kuphazi. Si bowa. Nyumba yonse ikununkha doko.

Musaka woyeserera: mabilinganya amwa mafuta theka la botolo, akufunabe. Phala lapsa pamwamba, pansi madzi okhaokha. Abambo ake a Tamanda alawa, ati "wa Yani sakhala chonchi." Akadye komweko.

Afunsanso komwe kuli mphatso. Ndati ili pabwino. Ati Tamanda akufuna kuyankhula nane. Nayenso mwini wake waima pakhomo la khitchini. "Mum, can we talk?" Ndati Loweruka likadutsa, sukuona ndili pakalikiliki? Ndikumenyera moyo wake womwewo, iye osadziwa.

Loweruka, 11 Okutobala

Yani ndi akwawo afika ndi mateleyi anayi a chakudya, musaka wanga wabwerera m'uvuni osaonedwa. Amayi a Yani, Mayi Eleni, ndi kamayi kakafupi kovala zakuda. Andipsompsona masaya onse awiri osapempha. Kenako atembenukira kwa Tamanda. Ftu! Ftu! Ftu! Kumulavulira mwana wanga katatu, m'nyumba mwanga, ine ndikuona!

Ndaimirira, dzanja lili pa katishu kanga ka umboni. Yani ati ndi mwambo wawo, amatero pothamangitsa diso la anthu anjiru. Ndiye kuti nawonso amaopa afiti. Ndakhala pansi.

Tili pakati pa kudya, Mayi Eleni afunsa ngati chinkhupule ndachikonda. Ati ndi chomaliza chimene bambo awo anatuluka nacho tsiku lomwe miyendo inafa. Mtundu wofewetsetsa, sanalole kuchigulitsa, anati chidzasambitse makanda a pabanja. Yani anamusambitsa ndi chomwecho. Ati kwawo amachipereka kwa mayi wa mtsikana, poti ndi amene amayamba kusambitsa mdzukulu.

Mdzukulu.

Agwira mimba ya Tamanda. "Epulo," ati, akumwetulira.

Abambo ake a Tamanda akuwerenga mababu a padenga. Ankadziwa! Tamanda misozi mbwe. "Mum, you're a midwife. I thought you'd just see."

Kusanza. Usipa. Azitona. Tulo. Siketi. Ndinalemba ndekha, ndi dzanja langali, m'buku lomwe lino.

Ndiye Mayi Eleni ati ndibweretse andionetse kanyowetsedwe kake. Kuchokera pabalaza kukafika kushedi ndi mapazi khumi ndi awiri, koma ndayenda ngati wopita kukhoti. Ndabwera ndi zikang'a zitatu pambale.

Aziyang'ana nthawi yaitali. Atola chimodzi, anunkhiza. Afunsa pang'onopang'ono ngati ndimafuna kudya. Ndati ayi, ndimaopa kuti mukufuna kundilanda mwana. Manyazi ake sindinawaonepo chibadwire. Chisoni chandigwira: bambo wa munthu anapereka miyendo, ine n'kuwiritsa ndi mchere.

Ndakumbuka chidutswa cha abusa chija. Ndathamanga. Mayi Eleni achinyika m'kapu ya madzi, achifinya, chabwerera bwinobwino. Andiika nacho patsaya.

"Khanda ndi kanthu kakang'ono," ati. "Chikwana."

Lamulungu, 12 Okutobala

Kutchalitchi. Ndawanong'oneza Mayi Mulenga. "Ah, mimba? Tonse tinaona kudala, tinali kuganiza muziba." Ndiye zowiritsazo anandiuziranji? Amenewa ndiyamba kuwayang'anitsitsa.

Abusa afunsa chomwe ndimati ndiwaonetse. Ndati chinatha chokha.

Zochita:
kuimbira achimwene ku Kasungu, unkhoswe uchitike msanga
kutaya katishu
kugula azitona, mabotolo awiri
abambo ake a Tamanda: sindikuwayankhula mpaka Lachitatu

Masana Tamanda wagona mutu pamiyendo panga ngati kale. Ndamutsegula chikope, magazi alipo okwanira. Mapazi sanatupe. Ndamupepesa. Wati ankaopa kuti ndikwiya poti ukwati sunachitike. Sabata yonse mwana akundiopa, ine ndili kushedi kulimbana ndi chinkhupule. Ndalira, nayenso walira, kenako wapempha azitona.

Zikang'a zitatu zija Mayi Eleni anapita nazo, ati ndi za bambo awo basi. Chidutswa chotsalacho ndachikulunga m'nsalu yoyera, chili m'diroo ya mapasipoti. Epulo ndidzasambitsa nacho ndekha.

Koma zomulavulira mdzukulu wangazo, tidzakambirana.