Kaphukusi Kakang'ono ka kwa Chiwalo

Lolemba, 14 Julaye

Kalata ya Esinati, mwana wanga wa ku Limbe, ndaiwerenga kanayi. Mawu 212. Liwu lakuti "mwakalamba" lilimo katatu!

Akuti abwera Lamulungu ndi galimoto. Akuti munthu wa zaka 69 sangamakhale yekha m'tsinde mwa phiri la Michesi n'kumadalira njinga. "Ngati njingayo yayamba kukukanikani, amayi, mudzakhale nafe kuno." Ku Limbe! M'kachipinda ka kuseri koyang'anana ndi mpanda wa eni ake. Kusiya nandolo wanga, mapeyala anga 6, manda a bambo ake.

Njinga kundikanika ine? Zaka 34 ndikuphunzitsa, sukulu 5, konseko ndinkapita ndikupalasa.

Ndaganiza chochita. Loweruka m'mawa ndinyamuka ndekha, kudutsa kwa Kaduya mpaka kwa Chiwalo, ku sukulu imene ndinayambira ntchito. Ndikagona m'kalasi, osati m'nyumba ya munthu, angati ndinachita kusamalidwa. Ahedi a kumeneko ndinawaphunzitsa ndine Sitandade 3. Akandilembera kalata ya umboni, yodinda. Lamulungu masana ndili pano, kalata ili patebulo, Esinati abwerere yekha.

Lamulo: katundu asapose makilo 20. Ndayesa chilichonse pa sikelo yopachika ya malemu amuna anga.

Mkeka, 1½
Mabulangete awiri (kwa Chiwalo kuli mphepo ya kunyanja), 4
Neti, ½
Pilo, ½
Juzi, zitenje, nsapato zosinthira, 2
Fulasiki ya tiyi, 1½
Mbatata zophika ndi mtedza, 2
Madzi, 2
Pampu, chubu, masipanala, guluu, 2
Tochi, sopo, mswachi, kope ili, 1

Zonse pamodzi 17. Atsala makilo 3 a mpata. Zokongola!

Njinga ndaipititsa kwa a Muhiwa, okonza njinga pamsika. Afunsa chifukwa chimene ndikufunira chubu chatsopano. Ndawauza iwo okha.

Lachiwiri, 15 Julaye

Anthu odziwa za ulendo wanga pofika 9 koloko m'mawa: 14!

Oyamba kufika a Nakoma, a nyumba yakumtundayi. Agwada pakhonde. "Tamva kuti mukupita kwa Chiwalo, aphunzitsi. Kaphukusi kakang'ono chabe, ka mwana wanga uja anakwatiwa kumeneko." Nyemba za kalongonda. Atachoka ndakapachika pa sikelo. Makilo 4!

Alamu anga, mipini iwiri ya makasu, ya achimwene awo. Ngati kwa Chiwalo kulibe mitengo. Makilo 2.

Mayi wina amene sindikumudziwa n'komwe, koma akuti amayi ake ndi amayi anga ankatunga madzi chitsime chimodzi. Botolo la uchi. Kilo imodzi.

Ndalandira zonse ndi manja awiri. Nanga ndikanatani? Kuno munthu akamapita kutali sapita ndi thupi lake lokha, amanyamula mudzi. Ndakhala ndikutumiza nanenso zaka zonsezi, sindinaganizepo kuti zinthuzi zimalemera.

17 kuphatikiza 7 ndi 24. Zapyola ndi 4. Ndachotsa bulangete limodzi, pilo, fulasiki. Juzi ikakhala pilo. Tiyi ndikamwa ndikabwerako.

Tabwerera pa 20. Lamulo likadalipo.

Lachitatu, 16 Julaye

Masana ano kuyeserera kagonedwe. Ndaika mipando iwiri pabalaza motalikirana mapazi 7, ngati madesiki. Mkeka pansi, neti pamwamba, mfundo 4. Kuyala konse mphindi 6, kuyalula mphindi 4. Ndabwereza katatu.

Ulendo wachitatu ndili chigonere m'kati mwa neti, maso kudenga, manja pachifuwa, a Nakoma asuzumira pakhomo ndipo akuwa! Abwera anthu 8 akuthamanga, awiri atayamba kale kulira. Ndadzuka, ndafotokoza. Apepesa. Ndipo poti afika kale:

Makaka, chinangwa choyanika chija, thumba la pakati. "Ouma awa, aphunzitsi, sakulemera." Makilo 9.

Tambala wamoyo. Wamoyo! Wa chipepeso cha maliro amene eni ake analephera kupitako mwezi wa Meyi. Makilo 2, ndipo wandijompha pomuyesa.

Makalata 5. Awa salemera, koma atatu mwa olandirawo sadziwa kuwerenga, ndiye akuti ndikawawerengere ndine, ndikalembenso mayankho. Ina ndi ya mkangano wa malire a munda. Masamba 4.

Za eni ake: 18. Zanga: 13. Pamodzi 31.

Ndachotsa madzi (m'njira muli mijigo), mbatata ndi mtedza (munthu safa tsiku limodzi), zosinthira zonse (juzi ndichita kuvala). Zanga zatsala 7. Pamodzi 25.

Ndasintha lamulo kukhala 25. Ine! Amene sindinawonjezerepo mwana malikisi ngakhale theka!

Lachinayi, 17 Julaye

Lero ndikukana. Chiganizo ndachilemba pa kapepala: "Pepani, njinga yadzaza." Mawu atatu. Ndachinena mokweza ka 12 ndikusesa.

10 koloko. Akubwera akazi a akulu ampingo, kumbuyo kwawo amayi awiri atanyamulizana chinthu chofunditsidwa nsalu. Achitsitsa. Nthaka yamveka.

MTONDO.

Mtondo wa mbawa, watsopano, mphatso ya ukwati wa mphwawo. Ndatsegula pakamwa. Ndafika pa "Pepani". Iwo mwaulemu, akuyang'ana pansi: "Nyumba ino ndimaikumbukira, aphunzitsi. Paja pa zovuta za abambo tinagona pakhonde pano masiku anayi, mvula ili mkati."

Zoona, anagona. Anaphikanso. Ndinawerenga ndekha nthawi imeneyo, miphika 9 patsiku.

Ndati, "Pepani, ndachedwa kukupatsani mpando."

Makilo 14. Sikelo yalira. Ati musi akagula komweko, ndipo ndathokoza. Ndathokoza ine!

Madzulo maphukusi ena awiri: nandolo, makilo 5, ndi mpunga wa mbewu, makilo 3. Lina lakulungidwa m'chitenje cha chipani china, linzake m'chitenje cha chipani chinanso, nkhope za atsogoleri zili poyera. Mwini nandolo: "Wangayo musamuike pansi pa ameneyo." Mwini mpunga wanena chimodzimodzi, panthawi yake. Tsopano ndiyenera kumanga katundu mopanda tsankho, nkhope ziwiri pa msinkhu umodzi, wina kumanzere wina kumanja.

Za eni ake: 40.

Ndachotsa mkeka. Ndachotsa neti. Ndikagona padesiki, udzudzu wa kwa Chiwalo ukachite zimene ungathe. Zanga: 5. Pamodzi 45.

Lamulo ndalifufuta ndi rabala.

Lachisanu, 18 Julaye

Ndatseka chitseko ndi mawindo onse 4, ndakhala chete m'kati ngati kulibe munthu. Tambala uja walira kuchipinda. Agogoda.

Bakha m'dengu, 3.
Mphika wadothi, 2.
Mbatata, 11. Mbatata! Zanga zophika ndinazisiya Lachitatu chifukwa cha kulemera, lero ndikunyamula za eni ake zaziwisi!

Mwini mphika waona bulangete langa lotsala lija lili pampando. "Eya, mwaganiza bwino, aphunzitsi, mukakulunga m'menemo sungasweke." Wakulunga yekha. Wamanganso ndi luzi, mfundo zisanu. Ndiye kuti bulangete likupita kwa Chiwalo, koma wofunda ndi mphika.

Maphukusi 11. Makalata 5. Za eni ake 56, zanga 5. Makilo 61!

Njinga yabwera kuchokera kwa a Muhiwa, tcheni chili noninoni, mabuleki akugwira. Kumanga kwanditengera maola 3 ndi malegeni 13. Makaka ndi mbatata pa kaliyala, mtondo chogona pamwamba pake, atsogoleri awiri m'mbali molingana, mipini m'litali mwa felemu, bakha ku handulo yakumanja, tambala yakumanzere. Sakugwirizana. Mphika ulibe pena pokhala koma pachishalo.

Ndaima patali n'kuiyang'ana. Chinthu chimodzi chokha chimene ndalephera kuchipezera malo ndi ine.

A Nakoma: "Koma ndiye mwamanga mwaluso! Kusukulu n'kwabwino."

Ndikafika pamsewu waukulu ndikasuntha mphika. Ndikupitabe. Ku Limbe ayi.

Loweruka, 19 Julaye

Kunyamuka 5:30 m'mawa monga mwa dongosolo. Chiperoni, Michesi sakuoneka. Operekeza 23, palibe amene ndinamuitana.

Kukwera n'kosatheka. Ndikukankha. Ndikuwerenga mapazi kuti ndisamve msana.

Phazi la 400: bakha waluma tambala.
Phazi la 950: ndapuma. Ndanamizira kumanga nsapato.
Phazi la 1,412: kachitunda kaja ka pafupi ndi chigayo, kamene ndakhala ndikukwera osatsika panjinga kwa zaka 20.

Tayala lakutsogolo lanyamuka. Lanyamuka ndithu, pang'onopang'ono, ngati mbuzi yofuna masamba! Ine ndili lende pa mahandulo, zala za kumapazi zikungokhudza pansi. Njinga yakhala pansi ndi kaliyala, yaloza kumwamba, ine ndagwera m'mbali pa udzu.

Onse athamanga. Mafunso amene ndawamva ndili pansi:

Za mphika, 3.
Za uchi, 2.
Za bakha, 2.
Za mtondo, 1. Mtondo wa mbawa ungatani?
Za mtsogoleri amene wagwa chafufumimba, 1, mokalipa.
Za ine, 0.

Kenako a Nakoma andidzutsa n'kundisasa fumbi. Bondo lasupuka pang'ono. Palibe chosweka.

A Muhiwa atulukira, aizungulira njinga kawiri. "Njingayi ilibe mlandu, aphunzitsi. Yalemera kumbuyo. Ikufuna munthu wa thupi kutsogoloku." Adzisisita pamimba. Akuti nawonso ali ndi apongozi kwa Chiwalo amene sanawaone chaka chino.

Ndati ulendowu ndi wanga. Ndati pali nkhani ya kalata ya ahedi. Ndayamba kufotokoza za Limbe. Anthu 23 akuyang'ana ine, kenako maphukusi awo, kenako ine. Akazi a akulu ampingo: "Ukwatitu ndi mawa, aphunzitsi."

A Muhiwa: "Kalatayo musadandaule, ndikakutengerani."

Mphika aumangirira kumsana ngati mwana. Akwera. Njinga yagwada, yamvera. Apita akuliza belu langa, atatenga tochi yanga, sopo wanga, mswachi wanga. Kope lokha ndi limene linali m'thumba la juzi.

Kubwerera kunyumba: mapazi 1,530. Njira yomweyo. Ndiye kuti mapazi anga afupika.

Nthawi yofika: 6:50 m'mawa. Madzi amene ndinasiya pamoto akadali ofunda.

Lamulungu, 20 Julaye

Kutchalitchi sindinapite. Bondo.

A Muhiwa afika 12 koloko, njinga itasenza matemba ndi mayankho. Esinati wafika 12:20, kagalimoto kobwereka ka mipando 4, akuyendetsa mwamuna wake. Kalata ya ahedi ndinali ndisanaitsegule. Watsegula yekha, wawerenga mokweza:

"Ndikuikira umboni kuti njinga ya aphunzitsi athu yafika pasukulu pano 2 koloko masana ili bwinobwino."

Chidindo chilipo. Saini ilipo. Kalembedwe kabwino, ndinamuphunzitsa ndine.

Esinati wayang'ana bondo langa nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. "Longedzani, amayi."

Ndalongedza. Sutikesi imodzi, makilo 12. Ndazungulira mapeyala onse 6. Kumanda sindinathe kufikako.

Potuluka ndapeza khonde ladzaza. Galimoto yaima pabwalo kuyambira 12:20, ndipo mudzi wonse uli ndi ana ku Limbe, ku Bangwe, ku Ndirande.

"Esinati mwanawe, wakula! Kaphukusi kakang'ono chabe."

Esinati ameneyu ndi namwino wamkulu. Ndinamumva ndi makutu anga akudzudzula dokotala. Lero wagwada pafumbi ndi diresi lake la ku tauni, akulandira ndi manja awiri. Wayesa kamodzi: "Anganga, galimotoyi ndi yaing'ono." Ayankha: "Iwe ndinakubereka kumsana amako ali m'kalasi." Walandira.

Ndakhala pa sutikesi ndi kope. Maphukusi 26. Buti yadzaza pa la 9. Mpando wakumbuyo wadzaza mpaka kudenga pa la 21. Nkhuku 3 kumapazi kwa Esinati, dengu la mazira pamiyendo pake. Patsala kampata kamodzi kuseri kwa dalaivala, kanga.

Ndiye afika a Nakoma ndi wilibala. Makaka, thumba lathunthu la makilo 50, a mwana wawo wa ku Bangwe amene ntchito inamuthera ndipo ali ndi ana asanu.

Mkamwini wazungulira galimoto katatu. Wayang'ana matayala. Wayang'ana thumba, wayang'ana ine. A Nakoma agwada pomwepo, akudikira.

Thumba lalowa. Alimanga ndi lamba wa pampando.

Esinati pawindo, mazira ali pachibwano: "Nkhaniyi sinathe, amayi. Ndidzabweranso." Anyamuka 3:40, kumbuyo kwa galimoto kukukhula pansi.

Ndamasula sutikesi. Mphindi 9.

Sabata yonse: njinga yanga yafika kwa Chiwalo, malo anga afika ku Limbe, ine ndayenda mapazi 2,942 ndipo ndili pomwe ndinali. Sindinapambane. Kuchipatala mwezi watha anandiyesa makilo 47. Ndatsala pakhomo panga chifukwa thumba la makaka landiposa ndi atatu.