Nyimbo ya a Gintaras mu Minibasi ya Mpingo

Mu Kings Heath monse, dera lathu kuno kutsidya kwa nyanja, munalibe munthu wokonda phokoso ngati malemu a Gintaras. Enafe basi ikaliza mabuleki timatseka makutu, koma mkulu wa ku Lithuania ameneyu ankaithamangira ndi maikolofoni, jekete ikuuluka kumbuyo. Phokosolo ankalilowetsa m'kompyuta, kulikoka, kulipinda, kenako n'kumati apeka nyimbo. Kwawo ankawalemekeza nazo zimenezi, ati! Kuno vuto linali limodzi: palibe anamverapo nyimbo yawo mpaka kumapeto.

Amene anaona zakuda ndi Eness, namwino wa ku Dedza, amene anagawana nawo khoma zaka zisanu ndi zinayi. Akaweruka m'mawa kuti agoneko, khoma linkayamba kung'ung'udza. Ankatuluka maso ali psuu.

"A Gintaras, mwayambanso?"

"Pepani, Sisita. Koma tatsekulaninso chitseko chanucho. Chimalira mokoma."

"Chikufuna mafuta!"

"Chonde musachithire!"

Eness anachithira tsiku lomwelo, mafuta ophikira, mpaka kudontha. Mkuluyo anakhala mlungu wathunthu akuyenda ngati wofedwa.

Tsiku lina anapempha Lameck, mwamuna wa Eness, kuti awaperekeze ku ngalande ya ku Tipton. Lameck ananyamula ndowa poganiza kuti akukawedza. Anakhala maola atatu pamvula, mkuluyo atamiza maikolofoni m'madzi, atatsinzina, akumwetulira. Lameck anabwerako ndi chimfine basi.

Ku konsati yawo m'tauni Eness anapita atatchena. Anapirira mphindi khumi, mutu unayamba kuwawa, ndipo anazemba mowerama. Ankaganiza kuti sanamuone. Koma mkuluyo atadwala, Eness akuwapatsira phala, anamuyang'ana n'kuseka.

"Ngakhale inu munathawa, Sisita. Ndapeka ina yomaliza. Ndi ya mphindi makumi anayi."

Manyazi anamugwira Eness. "Imeneyo ndiimva yonse, bambo. Ndalonjeza."

Anamwalira lonjezolo lisanakwaniritsidwe. Mlongo wawo kwawo ku Kaunas anali wokalamba, sakanatha kukwera ndege, ndiye zinamveka kuti mtembo ukatenthedwa popanda woperekeza. Apa Eness anapsa mtima zenizeni.

"Munthu kumutaya ngati nkhuku yachitopa? Neba wanga? Ine ndili moyo ayi!"

Anaimba mafoni, anasinthitsa mashifiti a anthu, ndipo patsikulo amayi a Mvano khumi ndi awiri anatsika mu minibasi ya mpingo pamalo otenthera mitembo, malaya oyera mbee. Ambiri sankawadziwa n'komwe malemuwo, koma maliro ndi maliro.

Itakwana nthawi, wantchito wa pamalopo anayatsa nyimbo ija. Munayamba kumveka kung'ung'udza chapansipansi, kenako kuthetheka. Lameck, amene amayang'anira zokuzira mawu kutchalitchi, sanathe kupirira. Anadzuka mwaulemu, anagwedeza waya, anapukusa mutu, n'kuzimitsa. Amayi aja, podziwa kuti pamaliro makina akafa sipakhala zii, anayambitsa nyimbo ya m'buku, mawu anayi, mokweza.

"Bambo a Shannon!" anakuwa Eness kwa mwamuna wake. "Mwathimitsa chiyani?"

"Sipika yafa iyi, mayi."

"Siinafe! Nyimbo yake ndi imeneyo!"

Pofika poti amayi atonthole ndipo waya abwezeretsedwe, wantchito uja anali akuloza wotchi. Banja lililonse limapatsidwa theka la ola, anatero, ndipo ena akudikira panja.

"Maliro a pawotchi?" anafunsa Eness. "Munthu wakhala nanu zaka zonsezi, mukumumana ma minitsi fote?"

Wantchitoyo anapepesa bwinobwino, koma chitseko anatsekulabe. Ndiwo ulemu wa kuno umenewo, amakuthamangitsa akukumwetulira.

Eness sanalire. Anawakusa onse kulowa mu minibasi, anatseka mawindo, analumikiza foni yake ku wailesi, n'kuima pakhomo.

"Palibe kuimba, palibe kutsokomola. Wofuna kutoileti apirire. Ndipo inu, bambo a Shannon, manja m'thumba."

Anakhala pamenepo pamalo oimika magalimoto, masanasana, magalasi akuchita nthunzi. Poyamba ena ankatsinana kuti asaseke. Kenako kuseka kunatha kokha. Phokoso lija linkakwera, linkatsika, linkapuma ngati munthu wotopa, ndipo mayi wina wa ku Zomba anayamba kupukuta misozi osadziwa chomwe akulirira. Pomaliza nyimbo inatha. Eness anayang'ana kunyumba yotenthera mitembo kumene anasiya bokosi.

"Tamva, bambo," anatero. "Yonse."

Kuti anaikonda, sangakunamizeni. Mpaka lero amati inali ngati jenereta yodwala. Koma wina ayerekeze kunena zomwezo, aona.

M'nyumba ya a Gintaras munalowa anthu ena, aulemu kwambiri. Sagogoda, sapempha kanthu, sakwiyitsa munthu. Papita chaka tsopano, ndipo Eness sadziwa ngakhale mayina awo.