Ketulo ya Ba Mwansa

Lolemba
Ba Mwansa, a khomo loyandikana nafe pano pa mafulati a ku Kabwata, abwera ndi ketulo yamagetsi kuchokera ku Joni. Ati imazima yokha. Mkazi wanga akungopitapita kukaiona ngati kwabadwa mwana. Pobwera: "Ba Mwansa ni banzelu, mwe!" Nzeru zanji, munthu wongogula? Ine mphunzitsi wa fizikisi sanandinenepo choncho. Zikundiwawa. Pofika Lamulungu poto wathu aziwira msanga kuposa chinthu chimenecho, adzaone yekha wanzeru.

Lachiwiri
Maso pa poto. Timathovu timabadwira pansi, m'malo okandika, n'kumakwera titanyamula kutentha. Kulira kuja madzi asanawire ndi timathovu tikufera m'madzi ozizira a pamwamba. Ndamufotokozera zonsezi bwinobwino. Yankho: "Ya Ba Mwansa ilila bwino."

Lachitatu
Zofunika: msomali, sandipepa, poto wabwino. Wabwino muno ndi mmodzi yekha, uja anapatsidwa ndi azakhali ake a ku Woodlands pa kichini pate. Saphikiramo, amangomupukuta. Ndakanda pansi ponse mwiniwake ali kumsika. Timathovu mbwee! Koma kuwira, kuchedwa kwake n'komwe kuja.

Lachinayi
Ndiye kuti vuto ndi moto. Makala odzaza mbaula, ine kukupiza mpaka thukuta kamukamu. Poto ndamuika wopanda kanthu kuti atentheretu. Kuthira timadzi, madontho akungovina, kuthamanga uku ndi uku, osawira! Nthunzi yayala pansi ngati bulangeti, kutentha sikukudutsa. Izi ndimaphunzitsa ana chaka ndi chaka. Koma munthu ungakumbukire bwanji ukumva mkazi wako akuseka kuseri kwa khoma? Ndikali kutchera khutu, poto wapindika, wabooka.

Lachisanu
Mkazi wanga wamupeza poto uja. Sanakalipe. Wangondisuzumira kudzera pabowopo. "Muzakamba mweka na ba anti."

Loweruka
Kuyesa komaliza. Waya wotenthetsera wa pachitofu chathu, nthambo ziwiri, ndowa. Madzi akuwira ndithu, ndathamanga kukamuitana mkazi wanga kuti aone. Wakana, ndamunyengerera nthawi yaitali. Pobwera madzi aphwera, waya watsala pamtunda, wafiira psuu. Phuu! Magetsi azima mafulati onse. Mumtima kachimwemwe pang'ono: ketulo ija nayonso yazima. Wokonza fyuzi ndani? Ba Mwansa, atakwera pampando, tochi kukamwa. Azimayi kuwomba m'manja, wanga patsogolo.

Lamulungu
Chitofu chafa. Makala ndinamaliza. Mkazi wanga wandipatsa fulasiki osandiyang'ana: "Yendani mukapempheko manzi."
Ndapita kwa Ba Mwansa.
"Shani ba ticha, ngenani!"
Munthuyu alibe n'chipongwe chomwe, n'kusowa pomudera. Moni tisanamalize ketulo yawira, thapu, yazima yokha.
Tiyi ndamwa. Ndi wabwino, ndipo zimenezo sindidzawakhululukira.