Ndinaulula Mlandu Osafunsidwa ku Doha

Anzanga, pali zinthu zina ukazikumbukira umafuna kudzifunditsa chitenje kumutu ngakhale uli wekha m'chipinda. Yanga ndi iyi. Inu sekani, ine ndinaseka patapita miyezi.

Ndinali nditagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Markhiya zaka zitatu, ndiye madamu anga, poti ankasamukira kunja, anati andilola ndipeze ntchito ina m'malo mondibweza kumudzi. Mnzanga Tadala, amene amayala mabedi pa hotela ina, anandilankhulira kwa abwana ake, intavyu ndinakhoza, yunifomu anandiyeza ndithu. Chinatsala chinthu chimodzi: polisi kiliyaransi, chikalata chija chosonyeza kuti sunapalamulepo mlandu. Ankafuna ziwiri, cha kuno ndi cha kwathu. Tadala akuti, "Asisi, n'zophweka, mungokadinda zala basi."

Zophweka kwa iyeyo!

Chifukwa ine amene mumandiona ndikuimba kwaya ndi duku loyerali, ndinalowapo m'polisi. Kalekale ndisanakwatiwe, ndikugulitsa zamasamba pamsewu kwathu ku Ntcheu, kondakitala wina anaponda mulu wanga wa tomato, m'malo mopepesa n'kumaseka. Ndinangotola kabichi, wamkulu uja wolimba ngati mwala, n'kuponya. Ndinkadziwa ine kuti dzanja langa ndi lolunjika chonchi? Munthu anakagwera m'ngalande miyendo m'mwamba. Anatitengera kupolisi tonse awiri, tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, wapolisi analemba zinthu m'buku lalikulu lakuda, kenako anati tizipita. Basi. Koma buku lija, anthuni! Buku la boma limaiwala ngati?

Sabata yonse ndinali ngati wodwala. Ndikamasita zovala za madamu ndinkangoona kabichi. Ndinkaganiza kuti ndikangoika chala pamakina awo, kompyuta ilira, patuluka nkhope yanga ndi ya kondakitala, n'kundikweza ndege tsiku lomwelo. Ndikawauza chiyani ana anga? Kuti mayi wanu amubweza ku Qatar chifukwa cha ndiwo?

Ndiye ndinati ndichite zanzeru, ndiyambe ndafufuza mwakachetechete. Ndinabisala kuchipinda chochapira n'kujambula uthenga wa mawu wopita kwa achimwene anga a Yohane. Ndinanong'ona: "Achimwene, musauze munthu, ngakhale alamu. Mupite kupolisi kuja mukaone ngati dzina langa lidakali m'buku pa nkhani ya munthu ndinamugwetsa uja. Ngati lilimo, mufunse kuti limafufutika bwanji." Ndinatumiza, foni m'thumba la epuloni, n'kumakolopa mtima uli m'malo.

Sipanapite mphindi zisanu foni inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Poyang'ana, mayo! Uthenga uja sunapite ku Ntcheu. Ndinautumiza ku gulu lathu la mapemphero la Amalawi a ku Doha, mmene muli azimayi, azibambo ndi abusa omwe. Ndipo masiku amenewo uthenga ukapita wapita, kunalibe zoti ufufute.

Mayi ena analemba, "Tikukupemphererani achemwali, limbani mtima." Bambo wina woyendetsa galimoto wa ku Al Muntazah anangofunsa, "Anamwalira kapena anachira?" Abusa nawo, "Mwana wanga, tionane Lachisanu tikaweruka." Ndinakhala pansi pompo, ndowa ya madzi ikundiyang'ana.

Achimwene ndinawaimbira foni yeniyeni tsopano. Anapitadi, koma pobwera anali okwiya. Akuti wapolisi amene anamupeza pakauntala anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kufunsa kuti, "Achemwali anuwo anachita chiyani chimene akuopa?" Kenako anawafunsa dzina, mudzi ndi mfumu. "Iwe Esinati," achimwene akutero pafoni, "tsopano amene ndalembedwa m'bukumo ndine!" Mabuku akale akuti ali kustolo, akawayang'ana akapeza mpata. Akapeza mpata! Ine tsiku lodinda zala lili mkuja.

Linafika tsikulo. Madamu anandipatsa m'mawa wonse, Tadala anachoka ku Najma kudzandiperekeza. M'takisi muli mphepo yozizira koma ine thukuta kamukamu. Njira yonse ndinkabwereza m'mutu kuti akandifunsa ndinena zoona, mwina adzandimvera chisoni, boma limakwiya kwambiri ukalinamiza.

Pakhomo la ofesi panali mzere wautali, ndipo kutsogolo, pafupi ndi makina ounika katundu, kunaima mlonda wa ku Nepal, wa nkhope yosaseka. Itafika nthawi yanga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Madam, you have case?"

Ndiye kuti adziwa kale! Ndisanadinde n'komwe! Kesi kwathu ndi mlandu, palinso china? Ndinangozindikira mawondo agunda pansi, manja ndaombetsa ngati ndili kwa apongozi.

"Yes sir, one only, small case, long time. It was cabbage, sir. He did not die!"

Mzere wonse unatembenuka kundiyang'ana. Tadala akundikoka bulauzi kumbuyo, ine ndikumuchotsa dzanja, ndimalize kaye. Ndinafotokoza za tomato, za ngalande, ndinaonetsa ngakhale mmene ndinaponyera. Mlonda uja maso ali tong'o. "Cabbage? Inside?" Akuloza penapake pam'mbali panga, koma ine ndinamva ngati akufunsa ngati ananditsekera. "No sir, not inside, bench only!"

Munthu anatopa nane, anaitana mnzake amene anaima chapatali. Anabwera bambo wamtali wa yunifomu yomweyo, anandiyang'ana ndili chogwada, n'kuwerama pang'ono. Ndipo m'Chichewa chenicheni, chomveka bwino, anati:

"Achemwali, dzukani. Akufunsa ngati muli ndi chikwama. Muike pamakinapo chidutse."

Anthuni, pansi pa ku Doha m'polimba, bwenzi nditakumba n'kulowa. Ndinadzuka, ndinasansa m'mawondo, ndinaika kachikwama kanga pamakina, m'kati muli pasipoti, mpango ndi chingwe cha foni. Bambo uja sanaseke, koma mapewa ake ankagwedezeka. Tadala yekha anali atatsamira khoma akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

M'kati namonso makina anakana zala zanga katatu chifukwa cha thukuta, mpaka mayi wa pawindo anandiponyera tishu akuti, "Yala, yala, mafi mushkila," kutanthauza kuti fulumira, palibe vuto. Vuto linalipo mayi, kungoti simunali panja.

Chikalata cha kuno chinatuluka choyera. Cha kwathu chinafika patapita milungu, choyeranso. Achimwene anadzandiuza kuti buku lija analipeza ndithu, tsamba lake lomwe, ndipo panalembedwa mzere umodzi wokha: anthu awiri anakangana pamsika, agwirizana. Popanda ngakhale dzina langa.

Ndiye taganizani, mlandu woti boma la Malawi silikuudziwa, la Qatar silikuudziwa, ine ndinaufotokoza ndekha, chogwada, m'Chingerezi, kwa munthu wofuna kuona chikwama. Ntchito ya kuhotela ndinayamba, mabedi ndikuyala bwinobwino. Koma kuchokera tsiku limenelo munthu wa yunifomu akandifunsa funso, ndimayamba ndayang'ana kumene chala chake chaloza, pakamwa nditatseka. Zolapa pakhomo la ofesi, ayi ndithu, sindidzayambiranso.