Mayi Lilime ndi Tepi ya a Telala

Mayi Lilime sankapereka moni waulere. Ukawapatsa dzanja ankakugwira pamkono, maso ali pa wotchi yawo ya pachifuwa, ndipo usanamalize kunena kuti uli bwino anali atakutsitsa kale chikope n'kukulamula kuti, "Tulutsani lilime." Dzinalo linachokera pomwepo. Pamsika, padepoti, pakhomo pa banki, anthu a ndevu zawo ankaima malilime ali panja ngati agalu nthawi yotentha, kudikira chigamulo.

Amuna awo, a Telala, amene ankasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, ankati ukwati wawo unayambanso choncho. Anapita kukafunsira atavala jekete lobwereka, mawu ataloweza sabata yathunthu. Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto n'kuti, "Ndamva. Koma muli ndi njoka zam'mimba. Kamweni mankhwala, mubwere Lolemba."

Zaka makumi awiri ndi zisanu mayiwa anali nesi m'wodi ya amayi oyembekezera, ya mabedi khumi ndi awiri koma odwala makumi atatu. Otsalawo ankagona pasimenti, ena kunsi kwa mabedi a anzawo. Tsiku lina phungu wa deralo anabwera ndi ojambula, akulonjeza wodi yatsopano kachitatu. Analakwitsa n'kupereka dzanja.

"Bwana, mtima wanu ukuthamanga," anatero Mayi Lilime atawerenga. "Mwina mukudwala, mwina mukunama."

Amayi a pasimenti anaseka mpaka wina matenda anamuyamba. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira msika wonse, ndipo ogulitsa tomato anatumiza nthumwi kwa mayiwo.

"Bambo, akuti ndiime pachisankho," anatero atafika kunyumba.

A Telala analavula mapini m'dzanja. "Mwakhala mukuima zaka zonsezi, mayi. Mwina kumeneko akakupatsani mpando."

Anapambana. Ku Nyumba ya Malamulo, ali pakati pa mawu awo oyamba, anaima n'kuloza phungu wina wotsutsa amene ankawodzera. "Olemekezekawo musawaseke, ndi shuga. Atuluka kanayi chiyambire m'mawa, ndakhala ndikuwerenga." Bamboyo anadzuka ali moto, kufuna kuti mawuwo abwezedwe. "Mawu ndabweza," anatero mayiwo, "koma shugayo sindingathe kubweza." Patatha sabata, bambo yemweyo anawapeza pakhonde mwakachetechete, kapepala ka kuchipatala kali m'manja, kufunsa zimene ayenera kusala.

Atasankhidwa kukhala nduna ya zaumoyo sanasinthe. Ankalowa m'zipatala kudzera khomo la kukhitchini, n'kuyamba kutukula matiresi pamene akuluakulu a chipatala akadali kutsogolo kukonza maluwa. Sanasinthenso telala. Chovala chilichonse chinkachokera pa makina a amuna awo, ndipo chinkayenera kukhala ndi matumba awiri akuluakulu, ngakhale cha kuphwando.

Tepi yoyezera ya a Telala ndiyo inayamba kudziwa. M'chiuno mwa akazi awo munachepa zala ziwiri, iwo anangochepetsa diresi osanena kanthu. Mwezi wotsatira anachepetsanso. Kachitatu anaika tepi pansi.

"Mayi, diresi iyi ndaichepetsa kawiri kale."

"Nsalu za masiku ano zimatamuka."

"Za nsalu musiyire ine. Tulutsani lilime."

A Telala ankayembekeza kuti akazi awo aseka. Mayi Lilime anangokhala pa kampando ka makasitomala, n'kuwauza zonse. Anali ndi chotupa chimene anachipeza okha miyezi isanu yapitayo, ndipo ankadziwa dzina lake. Koma bilu yomangira mawodi a amayi m'dziko lonse inali itatsala miyezi iwiri kuti ivoteredwe. "Akangomva kuti ndikudwala, aikapo wina. Ine ndikagona, biluyo igona nane."

"Nanga ine?" anafunsa a Telala.

Kwa masiku awiri sanawalankhule akazi awo, koyamba m'zaka makumi anayi. Tsiku lachitatu anatenga majekete onse a akazi awo n'kusokeramo timapilo m'mapewa ndi nsalu yokhuthala mkati, kuti nduna izioneka yodzadza. Anasoka bwino kwambiri moti nyuzipepala ina inalemba kuti udindo wawanenepetsa. Mpaka lero a Telala sadziwa ngati tsiku limenelo anathandiza akazi awo kapena anathandiza matendawo.

Bilu inadutsa. Sabata yomweyo mayiwo anagwa pamasitepe a ofesi. Boma linakonza ndege yopita nawo kunja, iwo anakana. "Ndigonekeni kumene ndinagonekako anzanga." Anawagoneka m'chipatala chawo chakale, bedi la pazenera. Ali pomwepo ankatsutsa kayalidwe ka nsalu zogonera, kukonza galamala ya pa faelo yawo, ndiponso anagwira pamkono dokotala wamkulu n'kumuuza kuti asiye fodya. A Telala ankakhala pambali, akuwapukuta milomo ndi kansalu konyowa.

"Bambo, mundikhululukire za majekete aja," anatero m'mawa wina. "Ndinakusenzetsani katundu wosayenera."

"Ulusi unali wanga, mayi."

Mayi Lilime anamwalira m'mawa womwewo, msika ukutsegulidwa kumene.

Tsopano tauniyo yazizira. Anthu amatsokomola pamzere wa basi popanda wowafunsa kuti chinayamba liti. Wodi yatsopano inamangidwa, ya mabedi makumi asanu, koma amayi amene amagonamo ambiri sadziwa kuti pansi paja pankagona anthu. A Telala amatsegulabe makina, ngakhale masiku ena gudumu silizungulira n'komwe.

Mwezi wathawu mutu unawavuta masiku atatu. Anadikira kuti wina aone, palibe anaona. Anadzikoka okha kupita kuchipatala, n'kukhala pabenchi mpaka dzina lawo litaitanidwa. Nesi wake anali wachitsikana, wongobwera kumene, sankawadziwa. Anawayeza, n'kugwedeza mutu.

"Agogo, magazi athamanga kwambiri. Mankhwala awa asamadumphe tsiku. Kunyumba alipo wokukumbutsani?"

A Telala anatsegula pakamwa kuti amuuze zonse, kuyambira pa jekete lobwereka. Anayang'ana mzere wa odwala kumbuyo kwawo, wofika mpaka panja.

"Lembani kuti palibe, mwanangu."