Nsagwada za a Lumani

Ku East Rand konse, kuno ku Joni, kuyambira ku Edenvale mpaka ku Duduza, kunalibe Mmalawi wosadziwa kuti mai Catherine Nachisale sankakhulupirira chinthu chimene sanachilume. N'chifukwa chake dzina la ubatizo linangotsala m'pasipoti, ife tonse tinkawatchula a Lumani. Muwapatse lamba, nsapato, sipuni, ngakhale kachikwama ka foni, iwo choyamba kupukuta pachitenje, chachiwiri kukamwa. Ankatsinzina, n'kukanikiza ndi dzino la pambali, kenaka chigamulo. Khoti limenelo linalibe apilo.

"Maso amanama, mwanawe, manja amanama," ankatero. "Koma dzino silidya ziphuphu."

Kafunseni Bakari, amene amagulitsa malamba ndi zikwama pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Kempton Park. Tsiku lina anawaitana yekha, tsoka likumuitana.

"Amayi, bwerani muone chikopa chenicheni, cha ng'ombe ya ku Italy!"

A Lumani anaika lamba kukamwa. Anthu onse a pamzere wa tekisi anatembenuka.

"Ng'ombe imeneyi inkadya majumbo eti?"

"Eish, amayi, mwandiikira mano pakatundu!"

"Thokoza kuti ndayamba ndi lamba. Bodza lakoli ndimayenera kuyamba ndi khutu."

Kuyambira tsiku limenelo, Bakari akangoona duku lawo lofiira likukhota pakona, ankafunditsa tebulo lonse ndi lona n'kumanamizira kuyankha foni yozimitsa.

Ngakhale madamu awo a ku Edenvale sanapulumuke. Bwana anawagulira mkanda wa ngale pokumbukira zaka makumi awiri za ukwati, ndipo madamu, mwa chimwemwe, anakaonetsa wantchito. Kulakwa kunali komweko. A Lumani anakhuza kamkanda kamodzi padzino.

"Madamu, pepani. Awa ndi mabatani."

Bwana anagona pasofa sabata yathunthu, iye ndi galu. Atakhululukidwa, chilichonse chimene wagula chinkayamba chadzera kukhitchini kuti chikalumidwe.

Koma munthu amene ankawadziwa kupitirira manowo anali Tionge. Iyeyu anafika ku Joni mu 2009 kuchokera ku Ntcheu, mwamuna atangomwalira, ali ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya msuweni amene foni yake sinkayankhidwa. A Lumani anamupeza parenki ya matekisi akulira. Sanafunse zambiri. Anamasula ndi mano mfundo ya chingwe cha chikwama chake kuti aone ngati muli juzi, anapeza mulibe, anamuveka yawo. Anamugoneka pamatiresi awo miyezi isanu, mpaka anamupezera ntchito yogonera konko ku Edenvale, yotuluka Lamulungu lokha. Ndiye Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankadyera mbale imodzi mang'ina, a Lumani akuphwanya mafupa n'kumamupatsa mnzawo mafuta a m'kati. Tionge ankawatchula achemwali, ndipo pa Joni ponse analibenso m'bale wina.

Pakati pa amayi a mvano panali lamulo losalembedwa. Mwamuna akakufunsira n'kukupatsa mphatso, mphatsoyo inkayamba yalumidwa. Wotchi ikasiya golide wake padzino, ndiye kuti mwini wakenso ndi wopaka pamwamba. Amuna awiri analephera mayeso amenewa, ndipo mmodzi anadzapezeka kuti anali kale ndi akazi atatu, wina ku Springs. Zitatero panalibenso wotsutsa.

Chaka chatha a Lumani anafika msinkhu wosiya kusamba, ndipo thupi linawayatsira moto. Mu Juni, kuzizira kwa Joni kuja kolowa m'mafupa, ife tili m'majekete awiriawiri, iwo thukuta kamukamu, akudzikupiza ndi buku la nyimbo. Tsiku lina madamu anawapeza mutu uli m'firiji.

"Catherine, ukutani?"

"Ndikuwerenga mazira, madamu."

Atatiuza tinaseka mpaka kugwira nthiti, iwonso anaseka. Kumeneko kunali kuseka kwawo komaliza kumene ndikukumbukira.

Pasanathe masabata angapo anayamba kuyenda kukamwa kuli gwa, mitsempha ya m'mbali mwa mutu itaima. Moni ankayankhira m'mphuno. Nyama ankaikankhira kumbali kwa mbale. Kwathu munthu wolumanitsa mano choncho timati akusungira chakukhosi, ndiye aliyense anayamba kudzifufuza kuti wawalakwira chiyani. Tionge akafunsa, "Achemwali, kwagwanji?" yankho linkatulukira m'mipata ya mano: "Palibe."

Nthawi yomweyo n'kuti Tionge atapeza womufunsira. Anali Zakeyu, mlonda wa pageti lolowera mumsewu wa madamu ake, bambo wofatsa wa ku Balaka, nayenso woferedwa. Anamugulira nsapato zakuda zachikopa. Tionge, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, ankayenda nazo m'chikwama ngati mtsikana, kumazisuzumira ali m'tekisi.

Lamulungu lina mu Ogasiti, mapemphero atatha m'holo ya sukulu imene timasonkhanamo, amayi anazungulira panja. Zakeyu anaima chapatali kumpanda, chipewa chili m'manja. Tionge anagwada n'kupereka nsapato.

A Lumani anailandira imodzi, anaipukuta pachitenje monga mwa masiku onse, anaikweza. Inafika pachibwano n'kuima. Anaiyang'ana nthawi yaitali, masaya akunjenjemera. Kenaka anaibweza.

"Tenga."

"Achemwali, simunalume."

"Tenga, Tionge."

Amayi anayang'anana. Abale, ngakhale wotchi ya chigawenga cha akazi atatu chija inalumidwa! Kubweza mphatso osailuma kunali kunena kuti mwamunayo sayenera ngakhale malovu. Tionge anaona Zakeyu akuweramitsa mutu kumpanda kuja, ndipo magazi anamukwera kumutu. Anaimirira.

"Ndi nsanje basi! Poti kwanu mwezi unalowa, mwauma ngati chitsa, ndiye mukufuna tonse tiume nanu?"

A Lumani misozi inatsika masaya onse awiri, kukamwa kuli chitsekere. Anakonza duku lawo n'kulunjika kurenki okha. Madzi akatayika saoleka.

Miyezi itatu inadutsa osalankhulana. Tionge anasamukira benchi yakumbuyo, ndipo ulaliki wonse ankangoyang'ana duku lofiira lija kutsogolo, akupempha chamumtima kuti litembenuke. Anauza Zakeyu kuti adikire kaye yankho lake. Anagula mang'ina kamodzi, anaphika yekha, analephera kumeza, anapatsa agalu a madamu. Ankawasowa achemwali ake mpaka kuwonda, ndipo ankadziwa kuti mawu aja anali oipa. Koma mukamuuza kuti akapepese, ankati, "Ayambe ndi iwo. Anandichititsa manyazi pagulu." Ha, kunyada n'kopusa, inu!

Lachinayi lina mu Novembala, akuyendetsa agalu a madamu mumsewu wa ku Edenvale, anakumana ndi Clara, amene ankachita lendi chipinda chimodzi ndi a Lumani ku Kempton Park. Nayenso ankakokedwa ndi chigalu cha madamu ake. Clara sanapereke n'moni womwe.

"A Tionge, mtima wanu ndi wamwala? Munthu uja watha miyezi inayi akumwa phala ndi maheu basi, inu osabwera n'kudzamuona komwe!"

"Phala? A Lumani?"

"Anandilumbiritsa kuti ndisanene, koma ndatopa nazo. Kutentha kuja kutawasowetsa tulo, mtima unayambanso kuwalemera, kumangolira popanda maliro. Kukiliniki anawapatsa mapiritsi. Kutentha kunachepadi, koma nsagwada zinayamba kulumana zokha. Akagona amakukuta mano ngati chigayo, mpaka dzino limodzi linasweka. Akadzuka kukamwa sikutseguka, zala ziwiri sizilowa. Ululu wake mpaka m'makutu."

Tionge anatsamira mpanda wa nyumba ya eni. "Nanga osanena bwanji?"

"Anene kuti chiyani? Kuti a Lumani sangathenso kuluma? Ndiponso za kumwezi, za mapiritsi a maganizo, munthu wamkulu angazitulutse pagulu? Mawa lake mukanamva ku Duduza kuti apenga. Tsiku la nsapato lija anafika n'kukhala pansi pasimenti. Akuti, 'Mng'ono wanga wandibweretsera chimwemwe chake, ine ndalephera kuyasamula.'"

Chingwe chinapulumuka m'manja mwa Tionge, agalu n'kuthamangira m'maluwa a eni. Iye sanawaone n'komwe. Analira mokweza pakati pa msewu wa azungu.

"Tontholani, akupezako bwino," anatero Clara. "Mwezi watha ndinawakokera kukiliniki ndekha. Nesi anati mankhwala ena a mtundu umenewo amatero kwa anthu ena, akananena msanga sakanavutika chonchi. Akuwasinthira pang'onopang'ono. Dzulo adya nthochi, akuti sabata ya mawa ayesa chimanga chootcha. Aimbireni foni lero lomwe."

"Foni?" Tionge anapukuta misozi. "Ine ndinaleredwa, a Clara. Munthu wamkulu umutukwane pagulu, kenaka umupepese pafoni ngati ukuitanitsa gasi? Ayi. Ndikagwada pamaso pawo Lamulungu, amayi onse aja akuona. Musawauze kanthu, ndikufuna amve kuchokera pakamwa panga."

Clara anasunga chinsinsi chimenechonso. Lachisanu lonse Tionge ankasita malaya a bwana akuyeseza mawu opepesera, kuwasintha, kuwayambiranso.

Loweruka cha m'ma seveni m'mawa foni inalira. Anali Clara, ndipo mawu ake sankamveka bwino. A Lumani anadzuka, anatereka madzi a tiyi, anati pachifuwa pakuwalemera, anakhala pabedi. Pofika ambulansi n'kuti atapita. Madokotala anadzati unali mtima, nkhani ina yosakhudzana ndi nsagwada zija.

Tionge anathamangira kwa madamu ake ali ndi epuloni m'chiuno.

"Pita, pita msanga," anatero madamu. "Ukanandiuza kuti mchemwali wako akudwala, bwenzi nditakulola kalekale."

Mawu amenewo anamupweteka njira yonse. Chilolezo chinalipo, anangosowa kupempha.

Anapeza amayi a mvano atadzaza kachipinda kaja, akuimba chapansipansi podikira galimoto ya kumochale. Mayi wamkulu wa mvano anamugwira dzanja pakhomo.

"Timadikira inu. Maso tatseka. Chibwano amamanga ndi m'bale wake wa munthu, ndipo m'bale wake kuno ndinu."

Tionge anachotsa chitenje kunkhope kwa a Lumani. Mitsempha ija inali itagona, masaya atafewa, ndipo kukamwa kunali yasa, ngati munthu amene akufuna kunena kanthu. Dzino losweka lija linkaoneka chakumbali. Miyezi itatu Tionge anapempha Mulungu kuti kamwa limeneli limutsegukire, ndipo lero anamuitanira kudzalitseka.

Anagwada pasimenti, amayi onse aja akuona.

"Achemwali, ndabwera. Ndine Tionge. Ndinakulakwirani, ndinalankhula ngati chitsiru. Sindinadziwe kuti mukumva ululu. Ndikhululukireni."

Ndipo anadikira. Ndikunena zoona, anadikira yankho, maso ali pakamwa paja. Nyimbo inaima yokha.

"Fulumirani, mwanawe," ananong'ona mayi wamkulu uja, "thupi lisanaume."

Tionge anavula duku lake, analipinda, analidutsitsa pansi pa chibwano n'kukweza pang'ono. Nsagwada zimene zinakanika miyezi yonse ija zinatsekeka mosavuta, osalimbana naye n'komwe. Anamanga mfundo pamwamba pa mutu. Manja anakana kuchoka pamasayapo, mpaka Clara anachita kumunyamula.

Thupi linapita kwawo ku Dedza pangolo yokokedwa ndi minibasi. Ife otsala tikukhalabe, koma Kempton Park sikukoma. Lamulungu mapemphero akatha palibenso chotiimitsa panja pa holo, timangopatsana moni wa m'manja, aliyense n'kuthamangira tekisi yake. Parenki pali phokoso monga kale, koma ndi phokoso la eni dziko. Lathu linali munthu mmodzi, tinadziwa atachoka.

Zakeyu akadatsegulabe geti m'mawa uliwonse Tionge akamatuluka ndi agalu. Sabata yatha analimba mtima, anavula chipewa.

"Mayi, sindikukakamizani. Ndingofuna kudziwa ngati ndizidikirabe."

"Ndikukufunani ndithu, a Zakeyu," anatero Tionge, misozi ili mbwee. "Koma ndikakuvomerani lero, ndithamangire kukauza ndani?"

Zakeyu anagwirizira geti mpaka Tionge ndi agalu atadutsa.