Phazi Lopopa Mabuleki a Nachisale

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ndipo musaseke mpaka ndimalize, chifukwa ine mtima sunakhazikikebe. Ndinalota ndili pansi pa Nachisale. Inu a Mbewe simukumudziwa poti mwabwera kumene ku Chirimba kuno. Nachisale ndi galimoto yakale imene anandisiyira atsibweni anga, malemu a Gomani, ndipo yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba zaka zitatu tsopano. Injini ndinaikonza ndekha, ikulira bwinobwino. Atsala ndi mabuleki basi. Koma kuchotsa mpweya m'mabuleki si ntchito ya munthu mmodzi. Wina amagona pansi ndi sipanala, wina amakhala pampando n'kumapopa ndi phazi. Wapansi akati popa, upope. Akati gwira, ugwire ndithu osasiya mpaka atseke kabawuti, apo ayi mpweya umabwerera. Phazi limenelo ndakhala ndikulipempha kwa ana anga awiri kuyambira pa Pasaka. Ndikudziwa, a Mbewe, mukuti mukanabwera kudzandipopera. Zikomo, koma phazi limene ndikufuna si lanu.

Ndiye m'malotomo kunali masana, dzuwa likuswa mtengo, ine chagada m'fumbi. Ndinakuwa kuti, "Lonjezo! Popa!" Kuli zii. Ndinaitana mlongo wake, "Mwatitha!" Zii. Mwadzidzidzi sipanala ya teni imene inali m'dzanja langa inatsokomola.

"Musataye malovu, bwana," inatero. "Mnyamata uja sandidziwa n'komwe. Tsiku lija munamutuma kuti akanditenge, si anabweretsa pulayala? Ndipo lero ndikuuzeni zoona. Maulendo onse aja munkati ndasowa, sindinkasowa ayi. Ndinkapita kukafunsira ntchito kwina."

Ndisanayankhe, njerwa zimene zasenza galimotoyo zinayamba kudandaula zonse pamodzi kuti anzawo a uvuni umodzi ali pakhoma la tchalitchi akumva kwaya, izo zikusenza chitsulo chosayenda. Ndinazipepesa. Tangoganizani, munthu wamkulu ine kupepesa njerwa.

Ndiye ndinakwawa n'kutuluka, ndipo ndinawapeza ana anga ali pampando wakumbuyo, mitu yowerama ngati akupemphera. Lonjezo wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri uja, ndi Mwatitha wa fomu thu. Miyendo analibe. Anali ataigulula n'kuipinda bwinobwino m'zikwama zawo za kusukulu. Koma zala zazikulu za m'manja zinali zitakula ngati minsi, zikungosinja pa mafoni.

"Mwana wanga, katatu kokha," ndinatero. "Upope katatu, ndikusiya."

"Adadi, ndikuyendetsa kale," anatero Lonjezo osadzutsa mutu. Anandionetsa kagalimoto kofiira kakuthamanga m'foni. "Iyi sifuna kugona m'fumbi. Ikagunda imadzuka yokha."

"Komanso muno mukununkha," anatero Mwatitha. "Anzanga akamadutsa amati kwathu ndi kumanda kwa magalimoto. Mumadziwa mmene zimandichititsira manyazi?"

Mawu amenewo anandilasa, anzanga, chifukwa amenewo si a m'maloto okha.

Mwadzidzidzi ndinali pamzere mu ofesi ina yoyeza magalimoto, Nachisale nditamubereka kumbuyo ndi chitenje cha mayi awo a ana. Anali wolemera, galasi lake likundikanda khutu. Pawindo panali bambo wa tayi yobiriwira, ndipo anandipatsa fomu yaitali mpaka pansi. Ndikulemba dzina, ndinaona ndevu zake zikutalika, nyanga zikuphuka, kenako anali tonde weniweni, tayi ili pakhosi pomwepo. Anandilanda fomu ija n'kuyamba kuitafuna modekha.

"Yaperewera," anatero akutafuna. "Pitani chipinda chachinayi."

Chipinda chachinayi chinali m'mwamba mwa mtengo wa mango, ndiye ndinakwera, galimoto ili kumsana. Pampando wozungulira panali mayi wa magalasi. Pamene ankatsegula faelo, khungu lake linachita mamba, mchira unatsika pansi pa tebulo, n'kusanduka ng'azi. Magalasi okha ndiwo anatsala.

"Matayala ali bwino. Nyali zili bwino," inatero ng'aziyo. "Nanga apa? Apa pamafunika padindidwe phazi la mwana. Galimoto yopanda mwana woipopera mabuleki sitiipatsa chiphaso. Ana muli nawo?"

"Awiri, mayi."

"Ali kuti?"

"Akulemba mayeso," ndinanama.

Ng'azi inatulutsa lilime lake la mphanda n'kundinyambita pamphumi. "Mayeso anatha mwezi watha, bambo. Musachite manyazi, muli ambiri. Taonani pansi."

Ndinasuzumira. Pansi pa mtengowo panali azibambo ankhaninkhani, aliyense atabereka chake. Wina makina osokera, wina gitala, wina ukonde, wina mpini wa khasu wosasemedwa. Onse ankayang'ana kumbuyo ngati pali amene akubwera.

Ndiye nthambi inathyoka, ndipo ndinapezeka ndili pa chiwongolero, tikutsika phiri la ku Chikwawa, pamakona oopsa paja. Ana ali kumbuyo. Ndinaponda buleki, inangolowa fwaa ngati nthochi yakupsa. Ndinapondanso, palibe. Chigwa cha Shire chikubwera kudzatichingamira.

"Ana inu, tikufa!" ndinakuwa.

"Adadi, tabwerezani," anatero Mwatitha atandiloza ndi foni. "Sindinajambule bwino."

Mwadzidzidzi pampando wa pambali panga panali atsibweni anga a Gomani, atavala ovolosi yawo yabuluu yomwe ija, akusenda chinangwa ndi sikuludiraiva. Sanaoneke ngati munthu amene tinamuika m'manda zaka khumi zapitazo.

"Dausi," anandiitana, "ukulira chiyani?"

"Atsibweni, ana anga safuna galimoto yanu. Ine ndinkathamangira pansi pa galimoto musanandiitane n'komwe. Awa magazi awo ndi a ndani?"

Anaseka mpaka chinangwa chinawatsamwa. "Iwe? Kuthamangira? Waiwala msanga. Ndinkakukoka khutu kukuchotsa ku mpira, ukulira mamina ali mbwee. Unkapopa chifukwa choopa khofi langa. Chikondicho chinabwera mochedwa, ine nditadwala kale."

"Ndiye ndiwamenye?"

"Ungathe?"

Ndinawayang'ana ana anga pagalasi. Mwatitha ankaluma mlomo wam'munsi monga ankachitira ali khanda. "Sindingathe," ndinatero.

"Basitu," anatero a Gomani. "Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Wako wapita ndi mphepo." Anatsegula chitseko galimoto ikuthamanga choncho, n'kutsika ngati atsika minibasi pa siteji.

Sitinagunde kanthu. Ndiye m'malo mogunda tinangofika pamaliro, pabwalo la kwathu. Nachisale anali atamugoneka pamphasa, atamufunditsa chitenje chija. Masipanala anakhala mbali ya amuna, manati ndi mabawuti mbali ya amayi akuimba nyimbo motsitsa. Tonde wa tayi uja ndiye ankayendetsa mwambo, ndipo anati achibale abwere atenge za malemu. Mwatitha anagulula galasi n'kuyamba kudziyang'anira. Lonjezo ananyamula batire, akuti azitchajira foni magetsi akathima. Ine palibe anandifunsa kanthu. Ndinangokhala pakati, kabotolo ka mafuta a mabuleki kali m'manja, misozi ikutsika osaibisa.

Pamenepo Nachisale analankhula pansi pa nsalu, mawu ake a hutala yotha mphamvu. "Sindinafe ine," anatero. "Ndangotsamwa mpweya. Pali mwana pano?"

Anthu onse anatembenukira kwa Lonjezo. Anausa moyo monga amachitira ndikamutuma, n'kuika batire pansi. Anatsegula chikwama, anatulutsa mwendo umodzi, anaukung'untha fumbi n'kuulumikiza.

"Chabwino, adadi. Koma mwachangu."

Anzanga, sindikudziwa kuti ndinalowa bwanji pansi paja. Sipanala ya teni inadzilowetsa yokha pakabawuti, ikupuma mofulumira.

"Popa!"

Ndinamva chitsulo chikulira pamwamba panga. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Phazi la mwana wanga! Chimwemwe chimene ndinamva sindinachimvepo chibadwire chake cha mnyamatayo.

"Gwira! Gwira pomwepo, mwana wanga, usasiye!"

Ndinatsegula kabawuti. Mafuta anayamba kutuluka ndi thovu lake, tuu tuu tuu, kulowa m'kabotolo. Kunatsala pang'ono, pang'ono zedi, kuti nditseke. Mwadzidzidzi foni inalira m'galimoto.

"Halo? Ayi, palibe chomwe ndikuchita," ndinamva Lonjezo akutero. "Ndikubwera."

Phazi linachoka. Mpweya wonse unabwerera ndi mluzu, ndipo unandikoka ine ndemwe. Unayamba ndi dzanja, kenako mutu, kenako thupi lonse, mpaka ndinapezeka ndili m'kati mwa kapaipi ka buleki, ndili kathovu kakang'ono m'mafuta. Kutsogolo kotseka, kumbuyo kotseka. Ndinakuwa kuti popa, koma mawu sankatuluka. Ndinadziwa kuti kuti nditulukemo pafunika anthu awiri, ndipo wapansi uja ndinali ine. Kunja ndinkamva mapazi a anthu akubalalika pamaliro, mpaka kunatsala munthu mmodzi yekha akugogoda chitsulo. Ngo, ngo, ngo. Ndinati mwina mwana wabwerera.

Ngo, ngo, ngo.

Ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera, mayi awo a ana atadzuka kale. Kugogodako kunali kwenikweni, kukuchokera kuseri kwa nyumba, ngati munthu akuyesa kukhuthala kwa boneti ndi mwala. Kenako ndinamva mapazi pakhonde, ndi mawu a Lonjezo pachitseko, achimwemwe kuposa masiku onse.

"Adadi, mwadzuka? Kwabwera anthu ogula zitsulo zakutha. Ndawaperekeza kale kuseri, ndawatsegulira ndi boneti yomwe. Akufunsa ngati muli ndi sipanala ya teni."